Madala Munawi ndi Mlendo Wosafika

Uthenga wa maliro unandipeza ndili pamzere wa magalimoto kusukulu, ndikudikira ana a bwana. Unachokera kwa Holil, mwamuna wa ku Indonesia amene sindinagwiranepo naye chanza. Analemba m'Chingerezi chake chothyokathyoka kuti apongozi ake, a Munawi, atisiya m'mawa atangomaliza kupemphera, sanadwale nthawi yaitali, ndipo aikidwa kale tsiku lomwelo monga achitira Asilamu. Kumapeto anawonjezera kuti ng'ombe ili bwino. Ndinaseka, kenako misozi inangoyamba yokha, mpaka wa galimoto ya kumbuyo anandilizira hutala. Za ng'ombeyo ndifotokoza, koma ndiyambe ndi mwini wake.

A Munawi anali wosamalira maluwa panyumba imene ndimayendetsa galimoto ku Al Markhiya, kuno ku Doha. Ine pofika kuchokera ku Dedza ndinawapeza atakhalapo kale zaka zambiri, ana a bwana anakulira m'manja mwawo. Anali munthu wamfupi, wouma ngati nsungwi, wovala kachisoti kakuda ndi nsalu yomanga m'chiuno. Mai Tembo, mayi wa ku Chipata amene amatiphikira, sanasiye kuwaseka kuti mwamuna wamkulu akuvala chitenje, ndipo iwo sanasiye kuyankha kuti thalauza ndi chilango cha anthu osadziwa kukhala pansi. Tonse tinkangowatcha Madala.

Ukawauza kuti ndinu a ku Indonesia ankakukonza nthawi yomweyo. Ankati Indonesia ndi dzina la papasipoti, iwo ndi Mmadura, ndipo ngakhale ku Madura komweko kwawo si kumtunda ayi, ndi pakachilumba kakang'ono kamene umafikako paboti. Mawu awo anali a munthu woitana mnzake kutsidya kwa madzi. Akamakufunsa ngati wagona bwino, wodutsa kunja kwa mpanda akanaganiza kuti pabuka ndewu. Ndipo asanalankhule chilichonse chofunika, ankayamba akonza kukhosi kawiri, hehem, hehem, ngati injini yakale m'mawa wa chisanu. Aliyense panyumbapo ankachidziwa chifuwa chimenecho. Ngakhale bwana akachimva ankasiya kaye foni.

Tinkamvana ndi Chingerezi cha theka, Chiarabu cha kukhitchini ndi manja. M'Chichewa anatola mawu awiri okha, zikomo ndi bodza, ndipo lachiwirilo ndi limene linkagwira ntchito kwambiri. Tsiku loyamba kundiona anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kundifunsa ngati kwathu kuli ng'ombe. Nditati zilipo, anafunsa maonekedwe ake. Ndinati zakuda, zoyera, zamawanga, zilizonse. Anapukusa mutu mondimvera chisoni. Kwawo ng'ombe ndi yofiira basi, imasamba kuposa mwini wake, ndipo ya mpikisano wothamanga amaimwetsa mazira. Mai Tembo atamva za mazirazo anaika manja m'chiuno n'kunena kuti anthu otere Mulungu awakhululukire.

Awiriwa ankakangana tsiku lililonse, ndipo ndikukhulupirira kuti akanapanda kukangana akanadwala. Madala ankanyoza mchere wa m'sitolo kuti ndi wakufa, ulibe fungo la nyanja. Mai Tembo ankanyoza kanyenya wawo, tinyama tating'onoting'ono tobaya pamitengo, kuti chiwindi cha mbewa n'chachikulu. Chimene chinkawagwirizanitsa chinali chammwamba. Madala anaubzala mtengowo kuseri kwa garaja bwana asakudziwa, ndipo nditauzindikira n'kuwauza kuti kwathunso timadya masamba ake, anandikumbatira ngati apeza mbale wotayika. Kuyambira pamenepo anagamula kuti Achewa ndi anthu, kungoti ng'ombe zawo n'zosokonekera.

Tsiku lina bwana anatituma ku The Pearl, chilumba chochita kumangidwa panyanja, kukasiya mitengo ya m'miphika kwa mchemwali wawo. Tikudutsa pakati pa nyumba zazitali zija, maboti oyera atandandalika m'mbali, ndinafuna kuwasangalatsa. Ndinati Madala, onani, mwafika pachilumba ngati kwanu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukonza kukhosi, kenako anafunsa kuti manda ali kuti. Ndinati kuno kulibe manda. Anafunsa za khola, ndinati kulibenso. Anatsina dothi la pamaluwa n'kulinunkhiza, n'kunena kuti ili labwera palole. Maganizo awo anali akuti malo amene sanaikepo munthu aliyense m'nthaka sangatchedwe chilumba, ndi sitima ya pamadzi imene yangoima. Pobwerera anagona njira yonse.

Za kwawo anandijambulira pamchenga ndi nsonga ya chikwakwa chawo. Anakoka mzere wautali, ati ili ndi bwalo. Mbali imodzi ya bwalo anaika nyumba zotsatizana, zonse zoyang'ana kumodzi, mbali inayo makhitchini ndi makola. Kumutu kwa bwalo, kolowera dzuwa, anajambula kanyumba kamiyendo kopanda chitseko, kamene amati kobung. M'menemo ndi mopemphereramo, ndiponso ndi mofikira mlendo wamwamuna. Mlendo salowa m'nyumba za akazi. Amakhala pakobung, amamwa khofi, amadya, akafuna amagona pomwepo, ndipo salipira kanthu. Nyumba zija ndi za ana aakazi, motsatira kubadwa kwawo. Mwana wamkazi akamakwatiwa, bambo ake amammangira nyumba pamzerepo, mwamuna n'kubwera kudzakhala.

Ndinaomba m'manja. Ndinati Madala, ichi ndi chikamwini chenicheni! Ndinawafotokozera za kwathu, kuti nafenso mwamuna amapita kwa mkazi, kungoti nyumba amamanga mkamwiniyo ndi manja ake. Anandiuza kuti ndibwereze. Nditabwereza anagwira mutu, ati akanadziwa akanakabadwira ku Dedza. Mulungu anawapatsa ana aakazi anayi, wamwamuna ngakhale mmodzi ayi, ndipo nkhani yonse ya kubwera kwawo ku Qatar inali imeneyo. Nyumba zitatu zinali zitaima kale, eni ake alimo ndi ana. Yotsala inali ya chitsiriza, Halima, amene anamusiya akuphunzira kuyenda. Nyumba yakeyo inali itangotha kumene, ikudikira ukwati umene unakonzedwa kuti udzachitike ikadzapita Idi ya nsembe. Madala anali asanaiponde. Ankaidziwa pazithunzi zokha, makamaka chitseko chobiriwira chosemedwa maluwa, chimene anachita kujambula okha papepala kuno n'kutumiza kwa mmisiri.

Panali chinthu chimodzi chimene ankachibwereza ngati pemphero. Pabwalo lawo, kuyambira nthawi ya agogo a akazi awo, woyamba kugona m'nyumba yatsopano ndi mwini wake, usiku wa ukwati wake. Ankati nyumba imazolowera mpweya wa munthu woyamba kugonamo, ndipo ana aakulu atatu aja onse analowa m'nyumba zosagonedwa. Halima yekha, amene anakula bambo ake ali kutali, sakanalandira zotsala.

Zaka zimenezo alendo oona malo anali atayamba kufika pachilumba chawo. Achinyamata a m'mizinda ndi azungu apo ndi apo ankabwera kudzasambira, kudzaona nsomba zamitundumitundu pansi pa madzi, n'kumadzijambula pamchenga woyera. Madala ankanyadira ndi pakamwa pamodzi n'kunyoza ndi pena. Ankati anthu amenewa alibe ntchito, angalipire bwanji kuti aone nsomba imene sadya? Koma ankatinso pa dziko lonse palibe mchenga ngati wakwawo. Masana ena tikupuma pamthunzi wa garaja ndinawabwezera mawu awo omwe, ndinati bodza, ndipo ndinalemba dzina la chilumbacho pafoni kuti tione.

Sananame. Madzi anali oyera ngati a m'botolo. Mai Tembo anabwera ndi mpeni m'manja kudzasuzumira, Madala akuloza ndi chala, apa ndi pofikira maboti, apa ndi pamene ndinabadwira, uyu ndi mtengo wa amalume. Ndinapitiriza kutsitsa zithunzi mpaka tinafika pa malo ogona alendo. Chithunzi chachitatu chinali cha nyumba yatsopano, ya chitseko chobiriwira chosemedwa maluwa. Pansi pake panali mtengo wa usiku umodzi, ndi dzina la woyang'anira, Holil.

Madala analoza chitsekocho, chija anachita kujambula okha. Holil anali mkamwini wawo wamkulu, mwamuna wa mwana wawo woyamba, yemweyo amene anayang'anira ntchito yonse yomanga. Pansi pa chithunzicho panalembedwa kuti malowa ndi atsopano, palibe mlendo amene wanenapo kanthu. Ndinawawerengera zimenezo kawiri kuti mtima ukhale pansi.

"Manje mudikira chani?" anatero Mai Tembo. "Mutumileni foni apa apa, mumukalipire. Yalla, fulumirani! Nyumba ni yanu."

Madala anakonza kukhosi. Anati nyumba si yawo, iwonso ndi mkamwini pabwalo limenelo, anangokalambirapo. Anati Holil si munthu woipa. Nsomba zachepa m'nyanja, ali ndi ana, waona nyumba ikungokhala ndipo waganiza ngati mmene akuganizira anzake onse pachilumbapo. Koma kumudzudzula pafoni, akazi onse a pabwalo akumva, kunali kumuvula pagulu. Kwawo mwamuna akachititsidwa manyazi pachikamwini sagona nazo. Amanyamula zovala n'kubwerera kwa amake, ndiye kuti apulumutsa nyumba ya wamng'ono n'kugwetsa ya wamkulu. Kungokhala chete nakonso sikukanatheka. Mlendo mmodzi yekha akanagonamo, basi zatha, ndipo akuchimuna akanamva kuti nyumba ya mkwatibwi inali malo ogona anthu ovala makabudula.

Anakhala tsiku lonse akudulira maluwa amene sanafunike kudulira. M'mawa mwake anandipeza ndikutsuka galimoto.

"Mbewe," anatero, "dzina lako kwathu palibe amene akulidziwa. Lowa m'nyumba ya mwana wanga."

Sindinamve. Anabwereza pang'onopang'ono. Ankafuna kuti ine ndiitenge nyumbayo ngati mlendo, masiku onse, kuyambira tsiku limenelo mpaka ukwati. Olipira akhala iwo. Ine changa n'kusapita basi.

Ndinaseka mpaka paipi inandithira madzi m'nsapato. Munthu kuchita lendi nyumba imene wamanga yekha, kuti aitsekere! Koma nkhope yawo sinali yoseka, ndipo nditaganiza bwino ndinaona kuti njira ina panalibe. Madzulo a tsiku lomwelo Bambo Mbewe, munthu wa bizinesi wa ku Africa wofuna malo abata opumulirako, analembera Holil. Mwezi ukatha tinkapita limodzi ku Al Aziziya kukatumiza ndalama m'dzina langa, Madala ataima panja ngati sakundidziwa. Kuti zikwane anasiya fodya wawo wonunkhira uja amene ankaitanitsa kwa anzawo, ndipo panyumba tonse tinalawa ukali wake. Maluwa a bwana sanaduliridwepo mwankhanza ngati miyezi imeneyo.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti Holil anali munthu wolandira alendo ndi mtima wonse. Ine ndinali mlendo wake woyamba, komanso wochokera ku Africa. Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. Kodi ndimadya nsomba? Tsabola ndimamutha? Ndimagona pabedi lofewa kapena lolimba? Tsiku limene ndinanena kuti ndifika, anapita kukandidikira pofikira maboti atanyamula chikwangwani cholembedwa dzina langa, ana ake atavala zakumzikiti. Anatumiza chithunzi. Ine manyazi anandigwira, koma Madala anaseka mpaka kukhala pansi pa simenti. Kenako anayandikitsa foni kumaso, kuseka kunatha. Malaya amene Holil anavala anali awo, a paukwati wawo, amene anawasiya m'sutikesi.

Zifukwa zolepherera kufika ankakonza ndi Mai Tembo, ndipo ntchitoyo anaikonda kuposa kuphika.

"Muuzeni ati visa yachita delay. Next week muzakamba ati mudir, bwana uja, wakana leave."

"Nanga sabata inayo?"

"Muzadwala malaria. Imwe a Mbewe, simunanamepo kusukulu?"

Visa inachedwa, bwana anakana tchuthi, malungo anandigwira n'kundisiya. Zifukwa zitatha tinapha azakhali anga, amene anali atamwalira kale ine ndili mwana, choncho sitinawalakwire kwenikweni. Holil anayankha kuti pabwalo ponse amva chisoni, ndipo awapempherera pakobung. Madala atamva anati azakhali angawo ali ndi mwayi, mapemphero a pabwalo lawo sapita pachabe.

Zinafika povuta nyengo ya tchuthi itayandikira, pamene alendo amadzaza chilumba. Holil analemba uthenga wautali. Anati mtima wake sukumupatsa mtendere kudya ndalama za munthu amene sanamwe ngakhale madzi ake, zimenezo pamaso pa Mulungu si zoyera. Panali mwamuna ndi mkazi ochokera kumzinda amene ankafuna nyumbayo kwa masiku ochepa. Iye anaganiza zowalola, n'kundibwezera ndalama za masiku amenewo, ndipo anawauza kuti awayankha mawa. Koma choyamba ankafuna tionane pavidiyo, andionetse nyumba yanga, kuti mwina ndikaiona ndifulumira.

Linali Lachisanu masana, bwana ndi banja atapita kwa achibale. Ndinavala jekete n'kukhala pampando wa kumbuyo kwa galimoto ya bwana, kuti ndioneke wabizinesi. Tinagwirizana kuti Madala akhale kutali. Koma foni itangolira ndinawapeza atanyonyomala pansi pafupi ndi chitseko chotsegula, mutu uli pafupi ndi bondo langa, pamene kamera sinkafika.

Holil anali wamng'ono thupi kuposa mmene ndinkaganizira, wa maso ofatsa. Anandipatsa moni wautali, anapepesa za azakhali, kenako anatembenuza foni n'kuyamba kuyenda. Ndinaona bwalo lija la pamchenga lili lenileni, losesedwa bwino, nkhuku zikuthamanga, mayi wachikulire akupeta chimanga pakhonde. Ndinamva dzanja la Madala likugwira mwendo wanga. Mayiyo anali akazi awo. Holil anadutsa nyumba yoyamba, yachiwiri, yachitatu, n'kuima pachitseko chobiriwira. Anachitsegula ndi kiyi.

Aka kanali koyamba Madala kuona mkati mwa nyumba imene anaigwirira ntchito zaka zonsezo. Ndinkamva mpweya wawo. Holil ankaonetsa pansi pa matailosi, denga, bedi lobwereka limene matiresi ake anali akadali m'pulasitiki. Ine ndinkangoti zabwino kwambiri, zabwino kwambiri, uku ndikufunafuna mawu okanira alendo aja popanda kuoneka wamisala. Kenako anafika pazenera la kuchipinda, n'kunena monyadira kuti pano mphepo ya kunyanja imalowa bwino. Zeneralo linali lopendekeka. Ngakhale ine, amene sindinagwirepo njerwa, ndinaona.

"Hehem, hehem."

Ndinawaponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale. Chithunzi cha pafoni chinaima pazenera pomwepo osagwedezeka. Kenako chinatembenuka pang'onopang'ono, nkhope ya Holil n'kubwera.

"Bambo Mbewe, muli ndi munthu wina pamenepo?"

"Ayi, ndine ndemwe. Fumbi la kuno."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona munthu akuwerenga m'mutu mwake miyezi yonse ija, visa, malungo, azakhali. Ndinadikira kuti akwiye. Ndinadziwa kuti akangotchula dzina la apongozi ake, zonse zimene Madala ankaopa zichitika pomwepo, akazi a pabwalo ali pakhonde.

"Fumbi la ku Qatar n'loipa kwambiri," anatero potsiriza. "Bambo Mbewe, musadandaule. Alendo aja ndiwauza kuti malo adzaza. Nyumba yanu idikira, m'menemo simugona munthu."

Kenako anatsitsa maso n'kulankhula m'chinenero chawo, mofatsa, mawu ochepa, ngati akulankhula ndi khoma. Anatsazika n'kudula.

Madala anali atakhala pansi pa garaja, chisoti chili m'manja, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Ndinawafunsa kuti wanena chiyani kumapetoko. Anayamba aseka kaye, kuseka kosakanikirana ndi misozi.

"Akuti wachifuwayo amwe madzi a jinja. Ndipo akuti zenera waliona, alikonza ukwati usanafike."

M'mawa mwake chithunzi cha nyumba chinali chitachotsedwa pa intaneti. Ine ndinati khalas, zatha, ndalama zapulumuka, bwererani ku fodya wanu. Madala anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati tikasiya kutumiza ndiye kuti tavomera kuti panali nkhani, ndipo pakakhala nkhani pakhala wolakwa. Bambo Mbewe apitiriza kulipira mpaka tsiku la ukwati. Tinapitirizadi, ndipo Holil mwezi uliwonse ankathokoza mwaulemu n'kufunsa ngati visa yatuluka. Lamlungu apongozi ndi mkamwini ankaimbirana foni monga mwa masiku onse, n'kumakamba za mvula ndi mitengo ya nyambo. Mpaka imfa yawo, sindikhulupirira kuti anaitchulapo nkhaniyi.

Anachoka ku Doha kutatsala milungu yochepa kuti ukwati uchitike, ndipo anachokeratu. Bwana anawapatsa wotchi, ana a bwana analira. Mai Tembo anawakulungira thumba la mchere wa m'sitolo, ati akalawitse anthu akwawo mchere weniweni, ndipo anakangana mpaka pageti. Pabwalo la ndege anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kunena zikomo. Ndinadikira liwu lachiwiri lija koma silinabwere.

Zithunzi za ukwati zinafika, Halima atavala zagolide ataima pachitseko chake, bambo ake pambali atavala malaya aja, atawalanda. Patapita masiku kunabwera china. Madala ataima pakhola, atagwira chingwe cha ng'ombe yaikazi yofiira, yonyezimira ngati yapakidwa mafuta. Holil sanadye ngakhale pang'ono ndalama zija. Anazisunga, n'kugula ng'ombe, ndipo pamaso pa anthu onse a paukwati analengeza kuti mlendo wa ku Africa, polephera kufika, watumiza mphatso kwa mwini bwalo. Madala analandira ndi nkhope yodabwa kwambiri, n'kufunsa kuti munthu wabwino chotere ndi wa dziko liti. Ng'ombeyo anaitcha Mbewe. Ndikumva kuti yabereka kangapo, choncho ndili ndi ana kutsidya kwa nyanja amene sindinawaone.

Musaganize kuti mkangano wa alendo unathera pomwepo. Madala anakambirana ndi akazi awo, n'kumupatsa Holil kamunda ka m'mphepete mwa nyanja, kunja kwa bwalo, kuti amangepo tizipinda ta alendo. Bizinesi inayamba bwino. Vuto linali Madala eni ake. Ankapita pofikira maboti kukacheza, akaona mnyamata wachilendo ali ndi chikwama kumsana, n'kumuitanira khofi pakobung. Khofi ankasanduka chakudya, chakudya n'kusanduka mphasa. Holil ankandilembera modandaula kuti apongozi akumubera makasitomala, dzulo awiri agona ulere. Ndikawafunsa pafoni, ankakuwa ngati kale kuti amene Holil wamupeza pa intaneti ndi kasitomala, alipire, koma amene iwo amupeza panjira ndi mlendo. Ndinawasowa kwambiri masiku amenewo, ndipo ndikuwasowa mpaka pano.

Patapita masiku angapo chilandirireni uthenga wa maliro, foni inalira pavidiyo, nambala ya Holil. Nditayankha ndinaona mayi wachitsikana wovala mpango wakuda. Anali Halima. Tinali tisanalankhulanepo, ndipo Chingerezi chake chinali chochepa kuposa cha mlamu wake. Anangoti Bambo Mbewe, onani.

Anayenda mpaka kumutu kwa bwalo n'kukwera pakobung. Pansi pake ndi pa matabwa otuwa, koma pafupi ndi mzati wa kumanja pali malo amodzi akuda, osalala, pamene thabwa linapekesedwa ndi kukhalidwa. Pambali pake pali timizere tozungulira tambirimbiri tosiyidwa ndi tambula ya khofi, tina pamwamba pa tinzake. Pamzatipo pali msomali wa chisoti cha Madala, wopanda kanthu. Mphasa zonse zinali zoyalidwa, ana ankadutsa, koma pamalo amenewo aliyense ankalambalala.

"Apa," anatero Halima. "Tsiku lililonse."

Anagwada n'kutsitsa foni mpaka pamsinkhu wa maso a munthu wamfupi atakhala pansi, kenako anaitembenuzira kubwalo. Ndinamvetsa chifukwa chake Madala anasankha mzati umenewo. Ukakhala pena paliponse, mtengo wa mango umatchinga nyumba yomaliza. Pamenepo pokha ndi pamene zitseko zonse zinayi zimaoneka. Chakumapeto chinali chotsegula, pakhonde pali nsapato zazikulu ndi zazing'ono zitamwazikana, nsalu zikuuma pachingwe. Anaigwira choncho foniyo kuti ndione bwino. Kenako kutali mkati mwa nyumbayo mwana anayamba kulira.

"Pepani, Bambo Mbewe," anatero akudzuka. "Ndithamangire kunyumba kwanga."